Mwana Asanapite Kumphasa

Mwana wathu Takondwa atayamba kukhala pansi yekha, mayi aakulu a Elube anabwera kwathu m'mawa, n'kukhala pakhonde, n'kundiuza kuti nthawi yakwana yoti mwana apite kumphasa.

Kuno ku Mitundu, ngakhale ife opemphera, mwambo umenewu sitinautaye. Mwana akabadwa, bambo ndi mayi amadika, sagonera pamodzi. Nthawi yonseyo mwanayo amati ngozizira, ndipo munthu amene akugona ndi mnzake wa m'banja saloledwa kumunyamula, kuopa kuti angatsemphe. Ikakwana nthawi, makolo amakumananso pamphasa, kukacha akuluakulu amauzidwa kuti zatheka, ndipo kuyambira pamenepo mwana ndi wa aliyense.

A Elube ndi akulu awo a malemu amayi anga, ndipo ndi amene anandilera. "Ndatopa kumangomuyang'ana mdzukulu wanga ngati katundu wa m'sitolo," anatero. "Usandione imvizi, iwe Jasi. Amuna anga a Yakobe akadali ndi mano. Sindingamugwire mwanayu mpaka inu mutachita zanu."

Ndinaseka, ndinavomera. Koma titayesa, sizinatheke. Tinadikira masiku angapo n'kuyesanso, sizinathekenso. Amuna anga, a Gilibati, anangotembenukira kukhoma, ndipo kutacha anamanga matumba panjinga n'kumapita.

A Elube atabweranso kudzafunsa, ndinanama kuti mwana anatentha thupi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana mwanayo, amene ankaluma chidendene chake mosangalala.

"Lamulungu la mawa lino ndibwera ndisanapite kutchalitchi," anatero. "Ngati pali vuto unene, usandibise. Alipo anthu a ntchito imeneyo."

Ankanena fisi, mwamuna wobwerekedwa mwachinsinsi kuti achite zimene mwini nyumba walephera. Maliro a anthu a msinkhu wathu anali atachuluka m'mudzi, ndipo tonse tinkadziwa chimene chikuwatenga ngakhale sitinkachitchula. Komanso a Gilibati ndi mkamwini, kwawo ndi ku Ntcheu. Anabwera kuno kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, tinakwatirana, anamanga nyumba pamalo a kwathu. Nkhani yotere ikamveka, mkamwini sakhalitsa. Fisi sindinkamufuna, ndipo sindinkafuna kuti amuna anga apite.

Esiteti itachotsa matenanti, iwo anayamba za makala. Ankakagula kwa ootcha m'mphepete mwa Dzalanyama, n'kusanja matumba pakaliyala mpaka kupitirira mutu wawo, n'kupalasa kukagulitsa m'tauni. Ine ndili ndi chizolowezi choyang'anitsitsa zinthu, mwina mopitirira muyeso. Ndinkaona kuti akafika satsika njinga nthawi yomweyo. Ankayamba aima, dzanja limodzi atagwira khoma, kenako n'kuyenda atatangadza pang'ono ngati munthu woti wawoloka mtsinje atavala buluku. Ndinkaona, koma sindinkadziwa kuti ndikuona chiyani.

Lachitatu masana amayi a m'mudzi tinkakumana kuseri kwa sukulu ya pulaimale, pansi pa mitengo ya malaina. Chinali chaka chimene tinavota kachiwiri, ndipo mabungwe anali atatuluka ngati ngumbi, lililonse ndi mawu ake a kuthetsa umphawi. Lathuli linali laling'ono. Linkatitumizira mlangizi mmodzi, mayi Everlyn, amene ankabwera panjinga yamoto atamanga chitenje pamwamba pa buluku, kudzatiphunzitsa za nkhalango. Ndinkapitako ndi Takondwa kumsana chifukwa panalibe womusiyira.

Tsiku limenelo anajambula pansi ndi kamtengo. Uku mapiri, uku mtsinje, uku madimba athu.

"Mitengo ikatha kumtundaku, mtsinje umaphwa msanga," anatero. "Mtsinje ukaphwa, dimba lafa. Dimba likafa, munthu agulitsa chiyani? Amatenga nkhwangwa n'kubwerera kumtunda komwe kuja, kukadula yotsalayo. Umphawi ukudya nkhalango, nkhalango ikatha umphawi ukudya ife."

"Aphunzitsi," anatero a Felesiya, mayi wa pakamwa posatseka amene amagulitsa zitumbuwa pamsika, "inuyo kwanu m'tauni mumaphikira chiyani?"

"Makala."

"A ndani?"

"Mwina a amuna anu omwewo," anayankha mayi Everlyn akuseka. "N'chifukwa chake sindinabwere kudzakalipira munthu. Tonse tili m'mphika umodzi."

Anatiuzanso kuti nazale ya gulu ikufuna amuna oti akumbe chitsime ndi kuthira dothi m'machubu, ndipo bungwe liziwapatsa chimanga. Amayi anang'ung'udza. Amuna a kuno ankati kuthirira timitengo ndi ntchito ya akazi.

Kenako anatsitsa katoni ya mbande. Munali msangu wobzala m'munda kuti ubwezere chonde, munali mthethe wa nkhuni. Amayi analimbirana. Pansi pa katoni panatsala timachubu ta kamtengo ka masamba aakulu ofewa.

"Uyu ndi gondolosi," anatero mayi Everlyn.

Gulu lonse linaphulika. Wina anagwa chagada, wina anabisa nkhope m'chitenje. Palibe amene sadziwa kuti muzu wa gondolosi amatafuna abambo akafuna mphamvu za m'nyumba.

"Sekani, koma mverani. Ku Dzalanyama akutha. Okumba amazula ndi tsinde lomwe, sasiya kanthu koti kaphuke. Koma amamera pakhomo, amayanga pamtengo ngati chilazi. Weniweni mumamudziwa ndi fungo, amanunkhira motsekemera, ndipo mukatafuna amayamba kuwawa kenako kuzuna. M'tauni akumufuna kwambiri. Mukabzala, mudzagulitsa. Ndani atenge?"

Palibe anatambasula dzanja.

"Aphunzitsi, inu simukudziwa mudzi," anatero a Felesiya. "Wonyamula kachubu ako kudutsa nako pamsika ndiye kuti walengeza kuti kunyumba kwake anagwa mu mpapaya. Mukanabwera nako m'thumba, n'kumapereka kuseri."

Ine pakamwa panandithawa. "Amatenga nthawi yaitali bwanji kuti muzu ukule?"

Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Mayi Everlyn anayankha bwinobwino kuti ndi zaka zingapo, koma ine ndinkangoona maso a a Felesiya akutsika kuchoka pankhope panga kupita pa mwana, n'kubwereranso.

"Ndikufunsira nkhalango," ndinatero.

"Ee, nkhalango," anatero a Felesiya. "Nkhalango ya ku Ntcheu."

Anasekanso, ine ndinaseka nawo.

Choncho muzuwo sindikanaugula pamsika wa Mitundu. Lachisanu ndinagulitsa thadzi langa, ndinauza a Elube kuti ndikukaona msuweni wanga Thoko, n'kukwera matola wa ku Nathenje, kumene palibe wondidziwa. Fumbi la mwezi wa Okutobala linatimata mpaka m'nsidze. Ndinamuphimba Takondwa ndi chitenje, ndipo njira yonse ndinkasuzumira kuti ndione ngati akupuma.

Ku Nathenje maminibasi ankaima n'kunyamuka m'mbali mwa msewu wa tala, makondakitala akukuwa za ku Dedza ndi za m'tauni. Wogulitsa mankhwala ndinamuona msanga. Anayala chiguduli pafupi ndi okazinga chipisi, pamenepo pali mizu, makungwa ndi mabotolo a madzi ofiirira. Ndinaima pa tomato wa mayi wina moyandikana naye. Ndinagwira tomato, ndinamubweza, ndinagwira wina.

"Mayi, tomatoyo mumuvulaza," anatero bamboyo. "Bwerani kuno. Ine ndine Efulemu, dokotala wa pa Nathenje. Za mano? Za m'mimba? Kapena za abambo?"

Ndinanjuta pafupi, ndinalankhula motsitsa. "Za abambo."

"Palibe chamanyazi. Galimoto imafuna mafuta." Anandipatsa kamuzu kowonda ngati chala cha mwana. Ndinakanunkhiza. Fungo lotsekemera lija linalipo, koma lapatali.

"N'kochepa bwanji?"

"Waukulu anatha, mayi. Okumba akulowa mpaka kumalire a Mozambiki, akubwera ndi timichira ta mbewa timeneti. Komanso ameneyu amafuna kudekha, atafune masabata. Inu mukufuna za liti?"

"Za mawa."

A Efulemu anayang'ana uku ndi uku, anatulutsa bokosi la machesi m'thumba la malaya, n'kulitsegula pang'ono. Munali timapiritsi tabuluu. "Zangofika kumene kuchokera ku Joni. Azungu akupha nazo mikango. Limodzi basi, amwe ndi madzi, adikire pang'ono. Abambowo amagwira ntchito yanji?"

"Makala. Panjinga."

"Aa, anthu anga amenewo! Makasitomala anga ambiri ndi a njinga za makala. Chishalo chija chimadya munthu pansi pansi. Bola asasiye kupalasa, ine ndingafe ndi njala." Anaseka yekha, n'kukulunga piritsi limodzi m'kapepala ka ndudu.

Ndinalimanga pa mfundo ya chitenje. Pobwerera m'matola ndinkaligwiragwira kuti ndimve ngati lilipo, ndipo mawu a chishalo aja sanandichoke m'mutu.

Loweruka masana mudzi wonse unapita ku chinkhoswe kutsidya kwa dambo. A Gilibati sanapite ku makala tsiku limenelo. Ndinamugoneka Takondwa, ndinatseka chitseko, n'kumasula mfundo ija.

Analiyang'ana piritsilo lili m'dzanja langa. "Ichi n'chiyani, make Tako?"

Ndinawauza zonse: za a Elube ndi tsiku limene anaika, za fisi, za ku Nathenje. Za fisi anali asanazimve. Komabe sanakweze mawu.

"Ndiye wapita mpaka ku Nathenje, ndi mwana kumsana, kukauza munthu wa pamsewu kuti mwamuna wako ndi mtembo."

"Sindinatchule dzina."

"Ndikamwa ichi, mwanayu ndamutenga ndine kapena ndi wa ku Joni?"

Ndinalephera kudziletsa, ndinaseka. Iwonso anamwetulira pang'ono, anatenga kapu ya madzi n'kumeza.

Tinakhala pamphasa kudikira. Kunja nkhunda zinkalira padenga, ng'oma za chinkhoswe zikumveka patali. Ndinkawayang'ana nkhope ngati mmene ndimayang'anira mkaka pamoto.

"Usandiyang'ane choncho," anatero. "Ngakhale mbuzi singadye ukuiyang'ana choncho."

Ndinayang'ana kudenga. Patapita nthawi anati mutu ukuwawa, mphuno zatsekeka. Tinayesa. Sizinatheke. Kaya piritsilo linali lenileni kaya linali choko chopaka utoto, sindikudziwa mpaka lero.

Anagona chagada, mkono uli pamaso. Ndinawafunsa ngati pali pamene pamawawa akatsika njinga. Anati sipawawa, pamachita dzanzi. Kuyambira pokhalira kutsika, pamakhala ngati si pawo, ndipo masiku ano dzanzilo limafika mpaka m'mawa.

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire kuwonjezera thumba lachitatu."

"Bwanji osanena?"

"Ndinene kwa ndani? Tinali kudika. Ndinkati zilibe ntchito."

Ndinawauza zimene ananena a Efulemu, ndi za chitsime cha ku nazale. Anapukusa mutu. "Ndisiye njinga, tidye chiyani? Ndikathirire timitengo pamodzi ndi a Felesiya?" Anakhala tsonga. "Tamvera, make Tako. Mawa amayi akabwera, uwauze kuti zatheka. Uwapatse mwana anyamule. Adziwa ndani?"

Ndinali nditaziganizira kale zimenezo, njira yonse ya ku Nathenje. Ndinayang'ana Takondwa ali m'tulo, kamwa lili yasa.

"Akamunyamula, mwana n'kutupa?"

"Si iwe unafika Fomu 4? Si iwe umandiuza za majeremusi?"

"Ndinafika. Mayeso a sayansi ndinakhoza. Mukandifunsa ngati tsempho lilipo, ndikuuzani kuti mwina kulibe. Koma sindingayesere pa mwana wanga. Akangotsokomola kamodzi ndidzafa ndi mantha, ndipo ndidzaulula ndekha. Mukundidziwa."

"Ndikukudziwa," anatero, n'kugonanso. Sitinalankhulenso za nkhaniyo mpaka anthu a ku chinkhoswe anayamba kubwerera.

Lamulungu m'mawa ndinawaona a Elube akubwera m'kanjira ka pakati pa nkhokwe, atavala zoyera za kutchalitchi, buku la nyimbo lili m'khwapa. Mkamwini saonana maso ndi apongozi ake, salankhulana nawo. Masiku onse a Gilibati akangomva mawu awo ankatulukira kuseri n'kukazimirira kudimba. Tsiku limenelo sanatuluke. Anakoka kampando n'kukhala kuseri kwa chitseko, m'kati, atafulatira khomo.

A Elube anakhala pakhonde, ine ndinakhala pakhomo penipeni, mwana ali pamiyendo. Chitseko chinali chotseguka theka.

"Ndabwera," anatero. "Ndimutenge?"

Ndisanayankhe, kuseri kwa chitseko kunamveka kutsokomola.

"Make Tako, uwauze amayi kuti sizinatheke."

A Elube anadzidzimuka, anakoka chitenje kuphimba mapazi, n'kutembenukira kumbali kuyang'ana nkhokwe. Anali atamva okha, pakati pawo panali thabwa lokha, komabe ndinabwereza. "Akuti sizinatheke."

"Uwauze kuti vuto si iwe, ndine. Ndadwala. Njinga yandipweteka."

Ndinabwereza.

A Elube anasisita chikuto cha buku la nyimbo. Kenako analankhula moyang'ana nkhokwe. "Uwafunse abambowo ngati akudziwa kuti mwana sangakhale wozizira mpaka kalekale. Anthu ayamba kale kufunsa. Njira ina ilipo, ndipo siinayambe ndi iwo."

"Akuti njira ina ilipo," ndinatero. Ndipo ndinawonjezera zanga, zimene palibe anandituma. "Koma ine njira imeneyo sindiilola, amayi. Mwaona maliro mmene achulukira. M'nyumba muno simulowa munthu wina."

"Ndakufunsa iwe?"

"Simunandifunse."

Kuseri kwa chitseko kampando kanalira. "Uwauze amayi kuti njinga ndaiimika kuyambira lero. Mawa ndikukapempha ntchito ya chitsime ku nazale. Anthu aseke. Ndikupempha andipatse nthawi. Ikatha nthawiyo zisanasinthe, ndidzapita ndekha kwa amalume ako kukanena, sadzachita kundithamangitsa."

Izi sindinazibwereze bwino, chifukwa mawu omalizawo anandikanika. A Elube sanadikire.

"Uwauze kuti zonyamuka palibe wazitchula. Amuna a ku Ntcheu kufulumira kumanga katundu." Anapumira m'mwamba. "Ndiye mwakhala mukumwa chiyani? Usandinamize, Jasi, kwa Thoko sunafike. Thoko anali kuchinkhoswe dzulo."

Ndinawauza za piritsi ndi za thadzi limene ndinagulitsa. Anaomba m'manja kamodzi, mokwiya.

"Thadzi lathunthu! Mwana wophunzira! Uwauze abambowo kuti apite ku Nkhoma akawaone achipatala, asiye kumeza za m'bokosi la machesi. A Yakobe ali ndi mlongo wawo kumeneko, akagona kwa iye. Apite wapansi kapena pagalimoto, osati pa chinjinga chawocho."

"Akuti mupite ku Nkhoma."

"Ndamva. Uwathokoze."

"Ndipo uwauze kuti ndikuwapatsa mpaka chimanga chifike m'mawondo. Mvula siinagwe n'komwe, ndiye asanene kuti ndawaumira mtima. Akandifunsa anthu, ndinena kuti ndaimitsa ndine, mwanayu ndamuona kuti liwombo lake silinalimbe. Wotsutsa abwere kwa ine." Anaimirira, anakutumula chitenje. Anawerama pafupi ndi Takondwa, manja atawaika kumbuyo kuti angamukhudze, n'kumuchitira nkhope yoseketsa. Mwanayo anakuwa mokondwa.

"Iwe ndiye ulibe nazo ntchito," anamuuza. Kenako kwa ine: "Ufa ukatha ubwere kunyumba, usakagulitsenso nkhuku. Ndachedwa kutchalitchi chifukwa cha inu."

Ndinawayang'ana mpaka anakhota pa nkhokwe yomaliza. Belu loyamba linali litayamba kulira kutsidya.

"Apita?" anafunsa a Gilibati, akadali chofulatira.

"Apita."

Sanadzuke. Ndinalowa, ndinawapeza atagwira mawondo ndi manja onse awiri, malaya atanyowa kumsana.

"Chikwatirire sindinalankhulepo amayi ali pafupi chonchi," anatero. "Tandipatsa madzi."

Ndinawakhazika mwana pamiyendo, n'kupita kukatunga mumtsuko.